MANKHWALA OBISIKA M'THUPI LA MAI WAPAKATI

M'mwazi wa munthu muli timadzi tochedwa mahomoni, timene tiyenda monga amithenga a mfumu, kuuza ziwalo nthawi ya kukula. Koma alipo mankhwala ena opangidwa m'mafakitale amene alowa m'thupi, nadziyesa amithenga amenewa, nanena zonama. Munthu wamkulu kapena sangamve kanthu. Koma mwana wosabadwa, amene ziwalo zace zilikuumbidwa, angapwetekedwe, pakuti zambiri za m'mwazi wa amace zimfika podzera pa mcombo.

Nanga madokotala adziwa bwanji? Atenga mkodzo ndi mwazi wa mai, kapena mwazi wa mu mcombo pobadwa mwana, naziyesa ndi makina.

M'caka ca 2011 Dr. Tracey Woodruff wa ku San Francisco, ku America, pamodzi ndi anzace, anafalitsa zopezeka mwa akazi apakati 268 a m'dzikomo. BPA, mankhwala a m'pulasitiki ndi a m'kati mwa zitini za cakudya, anapezeka mwa akazi 96 pa 100 ali onse oyesedwa. Zotsala za DDT zinapezeka pafupifupi mwa onse, ngakhale dzikolo linamletsa mu 1972, cifukwa akhalitsa m'mafuta a thupi zaka zambiri.

Kupezeka kwa mankhwalawa sikutanthauza kuti mwana adzadwala ndithu, koma kucenjera nkwabwino. Mai wapakati asaike cakudya cotentha m'pulasitiki, ndipo asatungire madzi m'cigubu cimene munali mankhwala a m'munda. Mwamuna wogwira mankhwala ku nchito abvule zobvala zace asanalowe m'nyumba, ndipo zicapidwe pa zokha.