KUPATUKA KWA KATANGA NDI MALAMULO OBWEREKA

Anthu a ku Mufulira ndi ku Chililabombwe adziwa bwino kuti malire a dziko la Congo sali patali, ndi kuti tsidya lija ku Katanga akumbanso mkuwa monga kuno. Nkhani ya madzulo ano ndi ya m'mene cigawo cimeneco cinapatukira m'caka ca 1960.

Pamene boma la Belgium linabvomera kupereka ufulu, linacita mofulumira. Malamulo akuru oyendetsera dziko anawalembera ku Brussels, natsanzira a kwao: Nyumba za Malamulo ziwiri, mtsogoleri wa dziko, ndi nduna yaikuru. Zigawo zonse 6 zinapatsidwanso nyumba ya malamulo ndi boma lace lace. Koma anthu a ku Congo anayamba kuponya voti mu 1957, m'mizinda yowerengeka, ndipo zipani zambiri zinali za mtundu umodzi kapena dera limodzi. Pa cisankho ca May 1960, cipani ca Patrice Lumumba, cimene cinaposa zonse, cinapeza mipando 33 yokha mwa 137.

Ku Katanga cipani ca Moïse Tshombe cinaposa ca Jason Sendwe, mtsogoleri wa Aluba a kumpoto, koma sicinaposa kwambiri. Otsata Sendwe anakana kulowa m'nyumba ya malamulo, podziwa kuti lamulo linafuna kuti pakhale aphungu awiri mwa atatu alionse posankha boma. Ku Brussels anangosintha lamulolo, ndipo Tshombe anakhala mkuru wa cigawo. Motero pa 11 July, patapita masiku 11 cilandirire ufulu, iye polengeza kuti Katanga ndi dziko palokha sanasowa kanthu. Nduna anali nazo, nyumba ya malamulo inalipo, ndarama za kampani ya Union Minière ndi asilikari a Belgium zinamcirikiza. Mu August, Albert Kalonji anapatulanso kum'mwera kwa Kasai, kwa migodi ya diamondi.

Ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa, kunabuka cina. Malamulo aja anati mtsogoleri wa dziko angathe kucotsa nduna. Ku Belgium mau omwewo analembedwa, koma mfumu siicotsa nduna yaikuru imene aphungu akali kuifuna. Umenewo ndi mwambo umene unakula pa zaka zoposa 100, ndipo mwambo sukwera ndege pamodzi ndi mapepala. Pa 5 September Joseph Kasavubu anacotsa Lumumba, Lumumba nayenso nalengeza kuti wacotsa Kasavubu. Pa 14 September Mobutu ndi asilikari ace anawakankhira pambali onse awiri.

Lumumba anaphedwa ku Katanga mu January 1961. Mu September caka comweco ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations, inagwa pafupi ndi Ndola pamene anali kudzakomana ndi Tshombe, ndipo iye anafa. Asilikari a United Nations anathetsa kupatukako mu January 1963. Mobutu atalanda boma mu 1965, anacepetsa zigawo, zimene zinali zitacuruka kufikira 21, nayamba kuziikira yekha abwanamkubwa.