Pofuna nyumba ya lendi ku England, tidziwe ufulu wathu

Tikamasaka nyumba kuno ku England, ma ejenti amatifunsa ma payslip, sitetimenti ya kubanki, kalata ya kuntchito ndi ya landilodi wakale. Ambiri amafuna malipiro apachaka okwana lendi ya mwezi kuchulukitsa ka 30, apo ayi tipeze guarantor. Zimenezo n'zololedwa.

Komatu mvetsetsani: kuchokera mu 2019, kutilipiritsa ndalama yofufuzira mbiri yathu n'koletsedwa, ndipo dipoziti pa nyumba ngati zathuzi isapitirire lendi ya masabata asanu. Mu 2020 khoti la ku York linagamula kuti kukaniratu aliyense wolandira housing benefit ndi tsankho kwa amayi.

Ndiye akatikana, tisangochoka chinunu ayi. Tiwauze alembe chifukwa chake, kalatayo tikaonetse a Shelter.