Za Dona Moir wa ku Mandala ndi Makolo Ake

Dzina la Mandala tilidziwa tonse, koma mkazi wa Bwana Fred Moir timtchula kamodzikamodzi. Dzina lake ndiye Jane Beith. Gogo wake, Mbusa Alexander Beith wa ku Stirling, anali mmodzi wa abusa aja amene anatuluka mu Eklesia wa Scotland m'chaka cha 1843, nasiya nyumba ndi malipiro awo, pokana kuti eni minda azisankhira mpingo mbusa. Tsono Free Church imene anayamba ndiyo inatumiza a Livingstonia kuno mu 1875, pamodzi ndi Dotolo Laws. Atate wake, Gilbert Beith, anali wamalonda ku Glasgow, nalowanso m'Nyumba ya Malamulo ku London.

Mwana wa nyumba yotere akadakhala pamtendere kwawo, wosasowa kanthu. Koma mu 1890, Mlozi akali m'malinga ake ku Karonga, iye ananyamuka ku Mandala kunka ku Ujiji, pa sitima, pa machila ndi pa ngalawa, pamodzi ndi mwamuna wake amene chipolopolo cha anthu a Mlozi chinamthyola mkono mu 1888. Onyamula machilawo anali amtengatenga a dziko lino. Makalata ake a ulendowo anasindikizidwa ku Glasgow mu 1891.