KUWERENGA NDALAMA PA MALO OTSUKIRA GALIMOTO

Mawu a Mlangizi wa Zaulimi amene anaulutsidwa pa wailesi

Nkhani yathu ya lero si ya feteleza kapena ya mbewu ayi, koma ya ndalama, ndi kawerengedwe kake.

Chiyambire 1975, pamene Lilongwe anasanduka likulu la dziko lino, galimoto zakhala zikuchulukirachulukira mu mzindawu. Ana athu ambiri amene anachoka kumudzi akukhala ku Mtsiliza, ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mgona, ndipo ena a iwo akupeza chakudya potsuka galimotozo. Mukadzera ku Mtsiliza, kufupi ndi bwalo la masewera la Bingu limene linatsegulidwa mu 2017, mudzawaona m'mbali mwa msewu ali ndi ndowa, nsanza ndi sopo. Ntchito imeneyi si yonyozeka. Ndalama zake zimalipira lendi ya nyumba, ndipo zina zimafika kumudzi kukagula mbewu.

Koma inu mafumu mukudziwa milandu imene imabwera pa bwalo panu. Anyamata anayi ayamba ntchito pamodzi ngati abale. Isanathe miyezi itatu akutchulana akuba. Mukawafunsa kuti, "Kodi tsiku limenelo munatsuka galimoto zingati?" wina ati khumi, wina ati khumi ndi ziwiri. Palibe cholembedwa, palibe mboni. Kawirikawiri palibenso wakuba. Ndalama zinangosowa chifukwa cha kusawerenga bwino, ndipo chibale chinathera pomwepo. Tsono tamverani malangizo asanu ndi limodzi, kuti mukawauze ana anu.

Choyamba: ndalama azilandira munthu mmodzi, wa manja ouma. Wotsuka galimoto manja ake amakhala onyowa ndi a sopo tsiku lonse. Ndalama zapepala zikanyowa zimamatana, ndipo munthu amapereka ziwiri poyesa kuti ndi imodzi. Zina zimang'ambika. Chifukwa chake sankhani msungichuma wa tsiku limenelo, akhale ndi bokosi kapena kachikwama kapulasitiki kotseka. Ngati mufuna muzisinthana sabata ndi sabata, koma pa tsiku limodzi thumba likhale limodzi. Ndalama ikanyowa musaiumike pamoto. Iikeni pakati pa masamba a kope iume yokha.

Chachiwiri: lembani galimoto iliyonse isanachoke. Gulani kope la kusukulu. Tsamba limodzi likhale la tsiku limodzi. Lembani mizere itatu: wa galimoto zing'onozing'ono, wa maminibasi, ndi wa njinga zamoto za kabaza. Galimoto ikatsukidwa, ikani kachizindikiro pa mzere wake. Amene sadziwa kulemba angathe kuponya njere ya chimanga m'kachitini pa galimoto iliyonse, chitini china cha minibasi, china cha njinga. Madzulo njerezo zidzanena zoona.

Chachitatu: yambani tsiku ndi chenji chodziwika. M'mawa werengani ndalama zing'onozing'ono zobwezera anthu, ndi kuzilemba pamwamba pa tsamba. Ndalama zimenezi si phindu, ndipo sizigawidwa. Bwana akapereka ndalama yaikulu, musaiponye m'thumba msanga. Igwireni poyera, itchuleni mokweza kuti, "Mwandipatsa K5,000," perekani chenji mukuwerengera m'manja mwake, ndipo pamenepo muisunge. Mukatero palibe amene adzanene kuti anapereka yaikulu pamene anapereka yaing'ono.

Chachinayi: sanjani musanawerenge. Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi. Amatenga ndalama zosakanizika, naphatikiza K200 ndi K1,000 ndi K50 m'mutu, mpaka mutu uzungulira nayambanso poyamba. Mlimi wanzeru sayeza mtedza ndi nyemba m'thumba limodzi. Yalani nsalu youma pamalo opanda mphepo. Ikani ndalama za mtundu umodzi pa mulu wake, zonse zoongoka, nkhope ziyang'ane kumwamba. Werengani mulu uliwonse m'magulu a khumikhumi. Mukafika pa zisanu ndi zinayi, pindani yakhumi ikumbatire zinzake. Gulu lotere la ma K100 ndi K1,000. La ma K500 ndi K5,000. La ma K1,000 ndi K10,000. Magulu khumi apanga mtolo wa mapepala 100, ndipo mtolo wotere ndi umene a kubanki amalandira mosavuta.

Posanja yang'anani nambala, osati nkhope yokha. Pa ndalama zimene Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2012, pa K20 pali Inkosi M'mbelwa II, pa K50 Inkosi Gomani II, pa K100 James Sangala, pa K200 Rose Chibambo, pa K500 John Chilembwe, ndipo pa K1,000 pali Kamuzu Banda. Koma K2,000 imene inatuluka mu 2016 ilinso ndi nkhope ya John Chilembwe, ndipo K5,000 ya mu 2022 ilinso ndi ya Kamuzu Banda. Kukayamba mdima, munthu wotopa wongoyang'ana nkhope angathe kusokoneza. Werengani dzuwa lisanalowe. Kuwala komweko kudzakuthandizani kuzindikira ndalama yachinyengo: kwezani pepala kudzuwa, muone chithunzi chobisika m'kati mwake ndi ulusi wodutsa pa ndalamayo.

Nanga zachitsulo? Inu akuluakulu mukukumbukira masiku a mapaundi, masheleni ndi makobiri, pamene makobiri 12 anali sheleni imodzi, ndi masheleni 20 paundi imodzi. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi nisanduka K2, ndipo kuwerenga kunapepuka chifukwa zonse zinayamba kuyenda m'makumi. Lero mphamvu ya kwacha inatsika. Mu November 2023 Boma linaitsitsa ndi 44 pa 100 iliyonse. Chifukwa chake ana ambiri amanyoza ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10. Komabe ndi ndalama za Boma ndithu. Musaziwerenge tsiku ndi tsiku, mungataye nthawi. Ziponyeni m'botolo, ndipo Loweruka muziunjike khumikhumi. Ma K10 khumi ndi K100. Ma K5 makumi awiri ndi K100. Mulu woyamba mukauwerenga bwino, ina muzingoilinganiza msinkhu ndi woyambawo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachisanu: awerenge anthu awiri, ndipo bokosi ligwirizane ndi kope. Msungichuma awerenge mokweza, mnzake awerengenso payekha, onse akuona. Musamve manyazi kuwerenga pambuyo pa mbale wanu. Kuwerenga kawiri si kumunyoza, koma kumuteteza, kuti mawa munthu asamuloze chala.

Tiyeni tiyerekeze. Mitengo iyi ndi yongofanizira. Inu mudzaika yanu. Gulu layamba m'mawa ndi chenji cha K4,000. Latsuka galimoto zing'onozing'ono 8 pa K3,000 iliyonse, ndiyo K24,000. Maminibasi 3 pa K5,000, ndiyo K15,000. Njinga zamoto 6 pa K1,000, ndiyo K6,000. Ntchito yonse ya tsikulo ndi K45,000. Kodi m'bokosi mukhale K45,000? Iyayi. Dalaivala mmodzi wa minibasi analipira K5,000 pa foni. Bwana wina anati adzalipira mawa K3,000 yake. Madzi anagula a K3,000, sopo wa K2,000. Zimenezi pamodzi ndi K13,000. Chotsani pa K45,000, patsala K32,000. Onjezani chenji cha m'mawa chija, K4,000. M'bokosi muyenera kupezeka K36,000.

Tsono asanja napeza ma K5,000 atatu, ma K2,000 asanu, ma K1,000 asanu ndi awiri, ma K500 asanu ndi limodzi, ndi ma K200 asanu. Ndiye kuti K15,000, K10,000, K7,000, K3,000 ndi K1,000. Zonse pamodzi K36,000. Zagwirizana. Onse awiri alembe maina awo pansi pa tsamba. Ntchito yonseyi imatha nsima isanapse.

Zikapanda kugwirizana, musayambe ndi kutukwana. Werenganinso. Funsanani ngati wina anagula chakudya osalemba, kapena ngati pali galimoto imene inaiwalika. Zikasowabe, lembani kuti, "Lero zaperewera zakutizakuti." Chinthu cha lero chimakumbukika lero, mukadikira kutha kwa mwezi, madzi akatayika saoleka.

Ndanena za foni. Masiku ano anthu ambiri amalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Ndalama zimenezi zikhale ndi mzere wakewake m'kope, ndipo zizilowa pa nambala imodzi imene gulu lonse linagwirizana. Musakhulupirire uthenga umene munthu akukuonetsani pa foni yake. Yang'anani pa foni yanu ngati ndalamazo zalowadi, galimoto isananyamuke. Nambala yachinsinsi musauze munthu woimba foni, ngakhale anene kuti ndi wa ku kampani. Kumbukiraninso kuti potapa ndalama kwa ejenti pamakhala kamtengo kake. Kalembedwe pamodzi ndi madzi ndi sopo. Ngongole nazo zikhale ndi tsamba lake, lokhala ndi nambala ya galimoto ndi tsiku.

Chachisanu ndi chimodzi: patulani musanagawane. Bwezerani chenji cha mawa m'bokosi. Patulani za madzi ndi sopo. Patulaninso gawo la mpamba, monga K1 pa K10 iliyonse, logulira ndowa ikabooka, kapena lolipirira malo. Zotsalazo ndizo mugawane monga munapangana. Mlimi amene adya mbewu yake amalira mvula ikagwa. Ndalama zambiri zisagone m'nyumba. Zipite ku banki, pa foni, kapena ku banki m'khonde.

Inu alimi, musaganize kuti malangizo awa ndi a m'tauni mokha. Pogulitsa chimanga, soya kapena mtedza kwa mavenda kapena ku msika wa ADMARC, lembani kulemera kwa thumba lililonse, dziwani ndalama zimene muyenera kulandira, ndipo muziwerenge pomwepo wogula akuona. Mukafika nazo kunyumba n'kupeza zaperewera, palibe adzakumverani. Amayi ogulitsa tomato ndi masamba a kudimba, nanunso patulani mpamba musanagule ndiwo.

Ndipo inu mafumu, muli ndi mphamvu yothandiza. Anyamata akabwera kudzapempha malo ogwirira ntchito, afunseni mafunso atatu: msungichuma ndani, kope lili kuti, ndipo mudzagawana bwanji? Zimene apangana zilembedwe pamaso panu ndi pamaso pa nduna zanu. Mlandu suola, tsiku lina udzafika pa bwalo. Ukafika, kope lidzakhala mboni imene siiwala ndiponso yosakondera, ndipo mudzaweruza msanga popanda kudanitsa mabanja.

Inu makolo, mwana wanu akabwera kudzacheza, musangomufunsa kuti watibweretsera chiyani. Mufunseni ngati iye ndi anzake amawerenga ndalama zawo madzulo aliwonse. Ngati satero, mugulireni kope ndi pensulo.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'matumba.