KUPATSA NKUIKA: MAWU KWA OPHUNZIRA AKALE A MADRASA NDI SUKULU ZATHU



Olemekezeka Mashehe athu, mafumu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, amayi ndi abambo, abale ndi alongo m'Chisilamu. Poyamba tithokoze Allah amene watisunga ndi moyo mpaka tamaliza kusala mwezi wolemekezeka wa Ramadhani. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Lero mzikiti wadzaza mpaka ena aswalira panja. Tikuona nkhope zimene sitinazione chaka chathunthu. Ena mwachokera ku Lilongwe, ena ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ena mwatsika basi ya ku Joni dzana lomweli. Ambiri a inu alifu ndi bee mudaphunzirira pamphasa za madrasa a kuno ku Senga Bay, ndipo a, e, i, o, u mudamudziwira pa sukulu za pulayimale za m'dera lino la Mfumu Maganga. Tsono mawu athu a lero akupita kwa inu makamaka, inu ophunzira akale. Funso lake ndi limodzi basi: malo amene adakuphunzitsani aja, akuwasamala ndani?

Ife aphunzitsi timaona zimene zimachitika inu mukabwerera. Mwana wanzeru amafika Sitandade 5 kapena 6, kenaka osaonekanso. Mukafunsa, akuti ali kunyanja, akukoka chilimila usiku, masana ali mtulo. Wina akuyanika usipa pathandala, wina akugulitsa ziboliboli mumsewu wopita ku mahotela. Mtsikana amakhoza mayeso a Sitandade 8, dzina lake kutuluka kuti wasankhidwa ku sekondale, koma pakhomo palibe ya yunifomu, ya makope, ya thiransipoti ngakhale ya chigonero. Pakutha pa chaka timangomva kuti wakwatiwa, chikhalirecho malamulo a dziko lino kuyambira mu 2017 salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ngakhale pamene boma lachotsa fizi, zofunika zinazi zimatsalabe pamutu pa kholo. Nayenso mwalimu wa madrasa ali ndi banja. Akakhala miyezi itatu osalandira kanthu, amatseka chitseko nkupita kukafuna ganyu, ndipo palibe angamudzudzule.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Chisilamu chidafika m'mbali mwa nyanja ino zaka za m'ma 1840, nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota, ndipo pambuyo pake chidafala pakati pa mafumu achiyao. Koma amene adachizika mizu adali aphunzitsi, monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda amene adamwalira mu 1930, ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje amene adamwalira mu 1959. Mashehe amenewa adalibe maofesi, adalibe mabungwe akunja owathandiza. Wophunzira ankakhala ndi shehe wake, kumutumikira, kuyenda naye, ndipo akamaliza ankabwerera kumudzi kwawo nkukatsegula madrasa ake. Ndiye kuti wophunzira wakale ndi amene ankabereka madrasa atsopano. Ifeyo tonse pano ndife zipatso za mwambo umenewo.

Pa maphunziro a sukulu ndiye tidatsalira, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zidali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo athu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akasiya chipembedzo chake ndi dzina lake. Dziko litalandira ufulu mu 1964 makomo adayamba kutseguka. Zaka za m'ma 1980 kudabwera thandizo la abale athu akunja, monga bungwe la African Muslims Agency la ku Kuwait limene adaliyambitsa Dr. Abdul Rahman Al-Sumait, ndipo mogwirizana ndi Muslim Association of Malawi padamangidwa mizikiti ndi madrasa ambiri, ana ambirinso adalipiriridwa sukulu. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri a inu amene lero muli pantchito mudalowera pa makomo amenewa. Padali wina amene adakulipirirani, mwina simudamuone nkomwe nkhope yake.

Tsono abale, akuluakulu adati mlendo ndi mame. Thandizo lakunja tidalilandira ndipo tikuthokoza, Allah awalipire zabwino. Koma mame sachedwa kukamuka dzuwa likatuluka. Wobwera adamanga khoma ndi kufolera denga, koma malata akadooka sabweranso kuchokera ku Kuwait kudzamata. Ntchito imeneyo ndi ya eni mudzi.

Anzathu kwina adaitulukira kale njira. Ku India, Sir Syed Ahmad Khan adatsegula sukulu ya Asilamu ku Aligarh mu 1875, imene mu 1920 idasanduka Aligarh Muslim University. Sukuluyi idamangidwa ndi zopereka za anthu, ndipo ophunzira ake omwe adapanga kagulu koyenda m'mizinda nthawi ya holide kusonkhetsa ndalama zothandizira anzawo osauka. Mpaka lero, pa 17 Okutobala chaka chilichonse, ophunzira akale a kumeneko amasonkhana m'maiko osiyanasiyana kukumbukira woyambitsa sukulu yawo. Kuno kwathu, amene adaphunzira ku Zomba Catholic, ija amati Box 2, ndi ku Dedza Secondary, ija amati Box 48, ali ndi magulu awo a ophunzira akale amene amabwerera kukathandiza sukulu zawo. Nayo yunivesite ya MUST ku Thyolo idakhazikitsa thumba lapadera mu 2021, loti ndalama zake zizisungidwa ndi kupindulitsidwa, ndipo phindu lokhalo ndi limene lizithandiza ophunzira ovutika.

Nzeru ya thumba lotere si yachilendo kwa Msilamu. Ife timaitcha wakfu. Sayyidina Umar (RA) atapeza munda wabwino ku Khaybar, Mtumiki (SAW) adamulangiza kuti mundawo ausunge, usagulitsidwe, usapatsidwe kwa munthu kapena kugawidwa ngati chuma chamasiye, koma zokolola zake zizipita kwa osowa. Sayyidina Uthman (RA) adagula chitsime cha Ruma ku Madina nkuchipereka kuti aliyense azitungapo ulere. Ku Fez m'dziko la Morocco, mzikiti wa Al-Qarawiyyin, umene udasanduka malo otchuka a maphunziro, mbiri imati adaumanga mu 859 ndi mayi, Fatima al-Fihri, ndi chuma chimene bambo ake adamusiyira. Amayi mwamva? Adali mayi. Nayo Al-Azhar ya ku Cairo, imene idayamba kumangidwa mu 970, kwa zaka mazanamazana inkadyetsa aphunzitsi ndi ophunzira ake kuchokera ku wakfu.

Ngati Fez ndi Cairo zili kutali, tayang'anani pa Mbenje pompa m'boma lathu lino la Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, a Mfumu Makanjira ndi anthu awo amatseka chilumba chija nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Msodzi amapirira miyezi imeneyo chifukwa akudziwa kuti akadya mbewu, mawa sakolola. Wakfu ndi chimodzimodzi: tsinde sitidula, timangothyola zipatso.

Nanga tichite chiyani? Ife aphunzitsi takhala pansi ndi komiti, ndipo tikupempha zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba ndi kaundula. Sitingaitane munthu amene sitikudziwa kumene ali. Mukatuluka muno mupeza achinyamata pakhomo ali ndi kope. Lembetsani dzina, chaka chimene mudaphunzira kuno, kumene mukukhala, ntchito imene mukugwira ndi nambala ya foni. Makolo, lembetsaninso ana anu amene ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Kaundulayu ndi wa aliyense amene adakhalapo pamphasa, wa digiri ndi wopalasa bwato yemwe.

Chachiwiri ndi tsiku lokumana. Tisamakumbukire ophunzira akale pokhapokha denga likasasuka ndi mwera. Munthu amene mumangomuimbira foni popempha amayamba kuizimitsa. Tikupempha kuti tsiku lotsatira Idi chaka chilichonse likhale lawo. Abwere adzaone kalasi imene ankakhalamo, adzamve ana akusoma, adzadye nafe mpunga ndi chambo, adzapereke moni kwa aphunzitsi awo okalamba amene akadali moyo.

Chachitatu ndi chopereka chochepa koma cha mwezi ndi mwezi. Tiwerengere limodzi. Anthu 100 atamapereka K2,000 aliyense pamwezi, ndiye kuti K200,000 pamwezi, pachaka K2,400,000. K2,000 imeneyo ambiri a ife timaithera mayunitsi sabata isanathe. Lero kutumiza sikuvuta, pali Airtel Money ndi Mpamba. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti ntchito yaing'ono yopitirira imakondedwa ndi Allah kuposa yaikulu ya tsiku limodzi. Mwini boti amene sagwira ndalama mwezi ndi mwezi angathe kupatula ndowa imodzi ya usipa pa tsiku limene nyanja yamukomera. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu angathe kupatula thumba limodzi pokolola.

Chachinayi, tisasakanize matumba. Apa tamvetsetsani, chifukwa ndi nkhani ya Sharia. Zakaat, ija ya K2.50 pa K100 iliyonse ya chuma chimene chafika pa nisaab ndipo chatha chaka, ili ndi eni ake, magulu asanu ndi atatu amene adatchulidwa mu Surat Tawba. Mwana wosauka amene akufuna yunifomu ndi makope angathe kulandira Zakaat chifukwa cha umphawi wake. Koma ma Ulama ambiri adagamula kuti Zakaat sitigulira njerwa ndi simenti. Zomangamanga zichokere ku sadaka wamba. Zakaatul Fitr imene mwapereka tisanaswali ija ndi chakudya cha osauka pa tsiku la Idi, imeneyo isakhudzidwe. Tsono matumba akhale atatu: la Zakaat la ana ovutika, la sadaka la malipiro a aphunzitsi ndi kukonza makalasi, ndi la wakfu.

Thumba la wakfu lisagone m'bokosi. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adasunga ndalama pansi pa pilo adadzuka ali wosauka. Ndalama za wakfu zisanduke chinthu chooneka ndi chobereka: kanyumba ka lendi, kashopu pa msika, kapena munda. Ndipo chinthucho chilembedwe m'dzina la mzikiti pamaso pa mfumu ndi mboni, osati m'dzina la munthu, kuopa kuti mwiniyo akadzamwalira abale ake adzachiyesa chamasiye.

Chachisanu ndi chilungamo pa ndalama. Tikudziwa zimene ena mukunena mumtima: “Tipereke kuti ena akadye?” Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake likhale dongosolo. Ndalama zikhale ku banki, osayinira akhale atatu, mmodzi mwa iwo akhale mayi, wina akhale wophunzira wakale wosakhala m'komiti. Wopereka aliyense alandire lisiti ngakhale atapereka K500. Miyezi itatu iliyonse msungichuma aziwerenga zolowa ndi zotuluka pambuyo pa swala ya Ijumaa, pepala lake nkumatidwa pakhomo la mzikiti, chithunzi chake nkutumizidwa pa WhatsApp kwa amene ali kutali. Posankha ana oti athandizidwe, pakhale mphunzitsi wamkulu wa sukulu, mwalimu wa madrasa ndi amayi awiri, ndipo theka la anawo akhale atsikana. Mwana wa wapampando ndi mwana wamasiye ayezedwe pa sikelo imodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, thandizo si ndalama zokha. Pambuyo pa nkhondo ya Badr, akaidi ena amene adalibe chuma chodziombolera adamasulidwa ataphunzitsa ana khumi a ku Madina kulemba. Taonani mtengo umene Mtumiki (SAW) adauika pa cholembera. Inu anamwino, bwerani mudzacheze ndi atsikana a Sitandade 7, aone ndi maso kuti mtsikana wovala hijabu wa pa Senga Bay angathe kuvalanso yunifomu ya chipatala. Inu amene mudaphunzira ukalipentala ndi zomangamanga pa Salima Technical College pompa, madesiki othyoka akukudikirani. Inu a ku yunivesite, pa holide dzaphunzitseni masamu ndi Chingerezi ana a Fomu 4, ndipo muwaonetse kalembedwe ka mafomu a ngongole ya maphunziro, ija boma lidaikhazikitsira bungwe lake mu 2015. Ana ena amakhoza bwino koma amatsala chifukwa palibe adawauza kuti fomu imapezeka kuti.

Tisaiwalenso kuti sukulu za boma za m'dera lino ndi zathu. M'menemo ana athu amakhala desiki limodzi ndi ana a anansi athu Achikhristu. Tikakonza chimbudzi kapena kugula choko, tathandiza mudzi wonse, ndipo umenewo ndiwo unansi umene Chisilamu chimatilamula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Abale ndi alongo, tidaphunzitsidwa kuti munthu akalowa m'manda ntchito zake zimaduka, kupatula sadaka yopitirira, maphunziro amene anthu akupindula nawo, ndi mwana wabwino womupemphera. Wothandiza mwana kuphunzira amaponya dzanja pa zitatu zonsezi nthawi imodzi. Makolo athu adati kupatsa nkuika, ndipo amene waika kwa Allah sadzapeza nkhokwe yake itafumbwa.

Kope lija lili pakhomo. Musadutse musanalembetse. Chaka chamawa, Insha Allah, m'kabuku ngati kano mudzasindikizidwa malipoti a matumba atatu aja, kuti aliyense adzawerenge yekha zimene zidalowa ndi kumene zidapita.

Tikupempha Allah alandire kusala kwathu ndi mapemphero athu, awakhululukire aphunzitsi athu amene adatsogola ndi kuwaunikira m'manda mwawo, aike madalitso pa nyanja yathu ndi m'minda yathu, ndipo awapatse ana athu maphunziro opindulitsa pa dziko lino ndi pa tsiku lomaliza. Aamin.

Eid Mubarak kwa nonse.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.