MAU A KWA OPHUNZIRA AKALE PA TSIKU LA CIKONDWERERO

Abusa, akuru a mpingo, alaliki, amai a Cigwirizano, ndi inu nonse amene munaphunzira patsinde pa phiri ili la Nkhoma ndipo mwabweranso lero, ndikupatsani moni.

Pamene anandiuza kuti ndilankhule kwa ophunzira akale ndinayamba ndakana, pakuti ine maphunziro anga anathera ku sukulu yaing'ono ya misyoni, ndipo pakati panu pali asing'anga a cipatala ndi oweruza milandu. Koma akuru anandikumbutsa kuti nkhalamba imene inandiphunzitsa kugwira coko inaphunzira uphunzitsi pano. Cotero madzi a citsime ici ndinamwako inenso, cinkana ndinamwera m'cikho ca wina.

Citsimeco sicinakumbidwe tsiku limodzi. Pa 28 November 1889 A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere. M'caka ca 1896 Vlok anadza kuno kwa mfumu Mazengera, amene anthu ace anali kukhala pamwamba pa phiri cifukwa ca kuopa nkhondo ya Angoni. Sukulu ya aphunzitsi inayamba pa Mvera m'caka ca 1902, ndipo pambuyo pace inasamukira kuno, nichedwa ndi dzina la William Murray, yemwe uja anatsogolera nchito yomasulira Buku Lopatulika limene linaturuka m'caka ca 1922. Dzinalo likalipobe pa sukulu ya sekondale ya pano, monga dzina la Robert Blake liri pa sukulu ya ku Kongwe.

Ena ayesa kuti kusonkhana kwa ophunzira akale ndi mwambo wacilendo umene wadza ndi anthu a m'tauni. Iai, abale. Aphunzitsi oyamba aja, atatumidwa ku midzi, anali kubwerera ku misyoni nthawi ndi nthawi, pansi, mphasa pamutu, kudzaonjezera nzeru ndi kudzafotokoza za nchito yao. Nyumba ya sukulu m'mudzi anali kumanga eni mudzi okha: amuna kudula mitengo, akazi kumweta udzu ndi kuzira. Ndipo Samuel Ntara, amene anaphunzira pano, anabwezera sukulu yace mwa kuphunzitsamo ndi kulemba mabuku. Buku lace la Nthondo linapata mphotho m'caka ca 1933, ndipo ambiri a ife tinayamba kudziwa za makolo athu m'buku lace lina la Mbiri ya Acewa. Iyeyo sanapereke ng'ombe, koma anapereka cimene anali naco.

Tsono ndifuna kukuuzani cimene ndinaona ndi maso anga pa sukulu ina, imene sindiichula dzina. Ophunzira akale anapangana tsiku, nadza ndi magalimoto mpaka bwalo la mpira linadzaza. Mbuzi zinaphedwa, nyimbo zakale zinaimbidwa, ndipo anthu a imvi analira poona cipinda cimene anagonamo ali anyamata. Itafika nthawi ya zopereka, wina anaimirira nati adzafolera nyumba yogonamo ana ndi malata atsopano. Wina, posafuna kucepa pamaso pa mnzace, anati adzagula mabuku odzaza galimoto. Tinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Mvula inagwa kawiri, malata osaoneka, ndipo ana anali kusuntha mphasa zao usiku kuthawa madontho. Cimene cinafika ndithu pa tsikulo ndi matumba 2 a cimanga, amene anadza nao pa njinga mlimi wina, munthu amene analephera mayeso ace otsiriza. Iyeyo sanampatse mpando ai. Anakhala pansi pamodzi ndi ana, ndipo dzina lace silinawerengedwe. Ine ndinamuona, koma sindinanyamuke kumpatsa mpando wanga, ndipo cinthu ici cindicititsa manyazi kufikira lero.

Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mphunzitsi wamkuru sangathe kufolera nyumba ndi lonjezo. Cifukwa cace ndikupemphani kuti lero munthu asachule cimene alibe. Amene ali ndi thumba limodzi la simenti anene thumba limodzi. Mmisiri wa matabwa apereke masiku ace akudzakonza zitseko. Namwino adze kudzalankhula ndi asungwana, pakuti mwana wa kumudzi akaona munthu wa kwao atabvala zoyera, mtima wace ulimba koposa ndi mau athu ife aphunzitsi.

Ndidziwanso cimene cigwetsa ulesi opereka, ndipo sindicibisa. Munthu atumiza ndalama kucokera ku Johannesburg kapena ku London, ndalama zimene anazipeza ndi thukuta m'dziko la eni, ndipo samvanso kanthu za izo. Caka camawa satumizanso, ndipo ine sindimweruza. Masiku ano ndalama ziyenda pa lamya ya m'manja, munthu ali khale pakhonde pace, kotero kutumiza sikubvuta. Cobvuta ndi kukhulupirirana. Msungi wa cuma asankhidwe poyera, asaturutse ndalama ali yekha, ndipo pa msonkhano uli wonse awerenge mokweza zolowa ndi zoturuka, monga ticitira ndi zopereka za mpingo. Munthu wokhulupirika sakwiya pofunsidwa.

Ndalamazo zikasonkhanitsidwa, padzakhala ena ofuna kuyamba ndi cipata cokongola ndi mwala wolembapo maina ao. Cipata nacokoma, sindikana. Koma ine amene ndikhala kumudzi ndiona caka ndi caka ana anzeru amene asankhidwa kupita ku sekondale, nakhala pakhomo cifukwa atate ao alibe ndalama ya sukulu, ya sopo ndi ya ulendo. Mnyamata apita kukagwira nchito ku minda ya fodya, msungwana akwatiwa msanga. Inu alaliki muwadziwa maina ao, popeza muwaphunzitsa m'kalasi. Ngati ophunzira akale a caka cimodzi, anthu 20 kapena 30, agwirizana kusenza mwana mmodzi kufikira atatsiriza zaka zace 4, katunduyo sadzathyola khosi la munthu ali yense.

Pakhomo paja paikidwa gome ndi buku. Poturuka lembani dzina lanu, caka cimene munacoka pa sukulu, ndi kumene mukhala tsopano. Mulembenso maina a anzanu amene sanabwere, makamaka iwo amene anakhala kunyumba cifukwa ca manyazi a nsapato kapena a mayeso, kuti alaliki akawafikire ndi kalata zokolola zisanathe kulowa m'nkhokwe.