Mlendo Wodzaphunzira Zaumoyo Akagona Pakhomo Pathu



Nthawi ndi nthawi timapemphedwa kupeza mabanja oti asunge ophunzira a zaumoyo, ena ochokera m'sukulu za m'dziko mwathu muno, ena ochokera maiko akunja. Amakhala nafe sabata ziwiri, mwina mwezi. Lero tikambirane za mlendo wotereyu: kodi amadzatani, nanga ife timusunge motani?

Tiyambe ndi pamene ife tomwe tidalakwitsa. Chaka china tidapereka mtsikana wa ku Ulaya ku banja lina, ndipo tidalichenjeza kuti lisatichititse manyazi. Banjalo lidamvera. Madzi a mlendo ankawiritsidwa, pamene ana ankamwa osawiritsa a pachitsime cha kudambo. Nkhuku zidayamba kutha m'khola. Neti inalipo imodzi yokha panyumbapo. Adaichotsa pamene pankagona mwana wa zaka zitatu naimangira mlendo. Mtsikanayo, posadziwa kanthu, adalemba m'kope mwake kuti banjali limamwa madzi owiritsa ndipo limagona m'neti.

Sabata yachiwiri mwana uja adatentha thupi. Anali malungo. Ali pa njira ya kuchipatala, mwana ali kumbuyo, mpamene mayi adamuululira mlendo wawo zoona zake. Mtsikanayo adalira, neti adabweza usiku womwewo, ndipo mmawa mwake adatenga ndowa kutsata amayi kudambo. Kumeneko ndi kumene maphunziro ake adayambira. Adamva kuti mjigo udaonongeka kalekale ndipo ndalama zokonzera sizidasonkhedwe. Adaona yekha mtolo wa nkhuni umene umatha powiritsa madzi a anthu asanu ndi awiri, ndi mtunda umene mayi amayenda kukatola nkhunizo. Kusukulu kwawo adamuphunzitsa kuti anthu aziwiritsa madzi. Za mtolo wa nkhuni palibe adamuuza.

Mwanayo adachira. Koma taganizani, abale: tidaika moyo wa mwana pachiswe pofuna kuoneka bwino pamaso pa mlendo, ndipo mlendoyo adatsala pang'ono kubwerera kwawo ndi lipoti labodza.

Mvetsetsani ntchito ya anthu amenewa. Dokotala amachiza wodwala amene wafika pamaso pake. Wa zaumoyo amafunsa kuti: chifukwa chiyani mudzi uwu ukudwala pamene mudzi uwo uli bwino? M'chaka cha 1854 kolera idapha anthu ambiri m'dera lina la mzinda wa London. Dokotala wina, John Snow, adafufuza kumene omwalirawo ankatunga madzi, napeza kuti ambiri ankamwa a pa mpope umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Adapempha akuluakulu kuti achotse chogwirira cha mpopewo. Chida chake chinali kufunsa, ndipo akadanamizidwa sakadaupeza mpopewo.

Ife kolera sitiimvera m'mabuku. Mliri umene udayamba m'mwezi wa Malichi 2022 udadwalitsa anthu oposa 59,000 m'dziko muno ndipo oposa 1,700 adamwalira. Boma lathu la Salima linali limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri. Likodzo nalo tili nalo: mwana wodwala akakodza m'madzi, tizilombo timalowa mu nkhono, kenaka timatuluka ndi kulowa pa khungu la amene akusamba, kuchapa kapena kuwedza. Mankhwala a praziquantel amachiza, koma mwana akabwerera m'madzi omwewo amadwalanso. Wophunzira amene sadapite nawo kochapa sangamvetse chifukwa chake kuletsa ana kumadzi kuli kovuta chotere.

Choncho mlendo akabwera, adye nsima ndi ndiwo zimene mukudya inu. Aone chimbudzi mmene chilili, kaya pali mpondagiya kaya palibe. Madzi ake akumwa atetezedwe ndithu, pakuti m'mimba mwake simudazolowere; koma auzidwe poyera kuti ena onse amamwa ati. Neti abwere nayo yake. Ya mwana isachotsedwe.

Palinso zina zimene mlendoyu sali. Si dokotala, tsono musamubweretsere odwala kapena kumupempha mapiritsi. Odwala apite kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Si bwana wa chithandizo. Ambiri mwa iwo ndi ana a sukulu amene makolo awo avutikira ulendowo. Tamvapo za mabanja amene amadikira tsiku lotsanzikana kuti atulutse mndandanda wa fizi ndi malata. Zimenezi zimaononga ubale. Ndalama ya chakudya chake ikambidwe poyera asanafike, pamaso pa komiti.

Koma nanunso muli ndi ufulu, ndipo apa tikufuna mumve bwino, chifukwa ulemu wathu umatipangitsa kuvomera zilizonse mlendo akapempha. Malamulo oyendetsera dziko lino a chaka cha 1994, mu gawo 19, amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu iye asanavomere. Kusunga mlendo sikutanthauza kuti mwavomera kufunsidwa za m'thupi mwanu kapena za kuchipinda. Mukhoza kukana funso, ndipo palibe angakumaneni chithandizo kuchipatala chifukwa chokana. Asajambule mwana wanu, makamaka wodwala kapena wosavala, inu musanalole. Masiku ano chithunzi chimafika pa Facebook tsiku lomwelo ndipo sichibwereranso. Ndipo asanachoke, mumupemphe akhale pansi ndi a mfumu, komiti ya zaumoyo ndi mlangizi, afotokoze zimene wapeza. Zimene waphunzira pa ife tiyenera kuzimva ife poyamba.

Tisaiwale kuti ana athu nawo akhala alendo kwa eni. Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku America, m'chaka cha 1917, ndipo mu 1926 adabwerera kudzatumikira kwawo. Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre isanatsegulidwe mu 1991, achinyamata athu ankatumizidwa ku Scotland, ku London ndi ku Australia. Kumeneko nawonso adavutika ndi kuzizira, chakudya chachilendo ndi kusowa wolankhula naye. Mtsikana amene wakhala chete pakhonde panu madzulo mwina sakunyada ayi, wangopukwa kwawo. Muitaneni adzasosole nawo masamba, mumuphunzitse moni, mumuseke akalakwitsa.

Mabanja amene ali okonzeka kusunga mlendo apereke maina kwa wapampando wa mphakati wawo. Tidzayendera banja lililonse tisanavomereze, ndipo funso lathu loyamba lidzakhala lakuti pakhomopo pali maneti angati ndipo amagonamo ndani.